Mwana wachisanu wa abambo anga

Amayi anabereka ana anayi, ndipo ine ndine wachitatu. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kwathu ku Chiradzulu alipo anthu mpaka lero amene angakutsutseni kuti tinali asanu.

Abambo anali mkamwini m'mudzi mwathu, koma mkamwini wolemekezeka. Anali mkulu wa mpingo, ndipo iwo ndi amayi ndi amene ankalangiza achinyamata okonzekera ukwati woyera. Malangizowo ankachitikira pakhonde pathu Loweruka masana, ine ndikunamizira kutong'ola chimanga kuseri kwa nkhokwe kuti ndimve. Abambo ankawerenga m'Baibulo pamene pamati mwamuna ndiye mutu wa mkazi, kenako n'kulitseka msanga mnyamata asanayambe kutukumuka.

"Umutu wake si wolamula madzi osamba ayi," ankatero. "Mukayambana, zithere m'nyumba. Mkazi wako usadzamuchititse manyazi pagulu. Manyazi akabwera, wosenza ndiwe."

Amayi ankagwedeza mutu, manja ali pamiyendo. Ankawanyadira amuna awo, ndipo sankabisa.

Zipani zambiri zitabwera, kunabweranso mpira wa aphungu. Phungu wa dera lathu anagula chikho chonyezimira ndi majezi, n'kuitana matimu a m'midzi kuti apikisane. Lamulo linali limodzi: wosewera akhale mwana wa m'mudzi wa timu yake, ndipo wina akakayikiridwa, kholo lake liimirire pamaso pa anthu. Abambo anawaika kukhala wapampando wa komiti chifukwa mawu awo sankakayikitsa. Za mpira ankadziwa zochepa, koma galimoto ya phungu ikaima pakhomo pathu ankayenda ngati atalika.

Timu yathu inafika pa ndime yomaliza, kukakumana ndi ya kutsidya kwa mtsinje. Phunguyo ankafuna chikho chitsalire mbali yathu, kumene anthu sanamuvotere bwino. Tsiku la mpirawo m'galimoto mwake munatsika mnyamata wamtali, wovala nsapato zenizeni za mpira, pamene athu ambiri ankasewera opanda nsapato. A kutsidya anakana kulowa m'bwalo. Anati mnyamatayo akumudziwa, amasewera m'tauni ku Limbe.

Apa m'pamene panavuta. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mayi sungamunamizire mwana, chifukwa mimba yake mudzi wonse unaiona. Wonamizirika ndi bambo. Abambo anga anagwirapo ntchito ku Limbe zaka zingapo, atawasiya amayi kumudzi ndi ana awiri oyamba. Phungu ankadziwa zimenezo. Ndinamuona akuwakokera kuseri kwa galimoto, dzanja lili paphewa pawo, akuwanong'oneza nthawi yaitali.

Ine ndi amayi tinali m'mphepete mwa bwalo, tikugulitsa zitumbuwa pamodzi ndi amayi ena a kumpingo. Abambo anatenga chimkuzamawu, natsokomola monga ankachitira asanayambe pemphero.

"Mnyamatayu ndi wanga," anatero. "Ndinamubereka ndili pantchito ku Limbe."

Bwalo lonse linaphulika. Amuna anaimba malikhweru, ena n'kumawagwira chanza abambo ngati agoletsa ndi iwo. Amayi a kumpingo aja amene tinali nawo sanaseke. Anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyerekeza msinkhu wake ndi wa achimwene anga, ndipo anaona kuti ndi wobadwa ukwati utamangidwa kale. Amayi anga anavindikira beseni lawo ndi nsalu, zitumbuwa zisanathe, n'kulisenza. Tinamva chisangalalo cha chigoli tili kale panjira.

Madzulo abambo anafika atavala kapu ya phungu, koma analowa chozemba.

"Inu mayi, mukudziwa kuti lija ndi bodza. Mnyamata uja ngakhale dzina lake sindikulidziwa."

"Ndikudziwa," anayankha amayi. "Ndakhala nanu zaka zonsezi, ndingalephere kudziwa? Koma bodzalo mwalinenera pagulu, bambo. Mukalikonzenso pagulu."

"Ndikonza. Kungoti tidikire kaye chisankho chidutse. Olemekezeka aja tisawachititse manyazi pano."

Ndinali kamtsikana, koma mawu amenewo anandiwawa. Manyazi a phungu anawaganizira. A amayi anati adikire.

Ndipo amayi anadikira. Akuluakulu a mpingo anawaimitsa abambo pa mgonero ndi pa ulangizi chifukwa cha chigololo chimene anaulula okha ndi chimkuzamawu. Achinyamata anayamba kupita pakhonde lina. Amayi sanalakwe kanthu, koma ndani akanatumiza mwana wake kukalangizidwa ndi munthu amene banja lake linamulaka? Kuchitsime anzawo ankawachitira chisoni chija chimene chimapweteka kuposa mwano. "Pepani anzathu, amuna ndi choncho, ingopirirani." Amayi ankangotunga madzi awo n'kubwerera kunyumba. Kunena okha kuti linali bodza kukanangooneka ngati mkazi wokana kuvomereza zimene aliyense akuziona.

Chisankho chinadutsa. Loweruka lina abambo anauza amayi kuti mawa lake aimirira m'tchalitchi. Ndimakumbukira amayi akupemerera makala mu simbi, akusita bulauzi yawo yoyera ya amayi a mpingo, akuimba chapansipansi. Anasitanso malaya a abambo. Lamulungu tinakhala kutsogolo.

Abambo anaimirira, chipewa chili m'manja, nayang'ana mpingo wonse. M'menemo munali a komiti ya mpira, munali anyamata a timu, munalinso anthu a phungu.

"Abale ndi alongo," anatero, "ndabwera kudzalapa tchimo limene ndinachita ku Limbe."

Analapa tchimo limene sanachite. Linali lopepukirapo. Chigololo cha kalekale cha mwamuna anthu amakhululuka msanga, ena akumwetulira. Koma kunena kuti mkulu wa mpingo ananama kuti timu ipambane kukanabweza chikho kutsidya, kukanayalutsa phungu, ndipo mawu a abambo sakanagwiranso ntchito pena paliponse. Mpingo unaimba nyimbo yothokoza. Abusa anayamikira amayi kuti ndi chitsanzo cha kupirira, n'kuwapempha kuti aimirire awagwire chanza amuna awo posonyeza kuti akhululuka. Amayi anaimirira ndi bulauzi yawo yosita ija, napereka dzanja. Ine ndinatuluka panja, ndipo mpaka lero sindinathe kuwakhululukira abambo chifukwa cha tsiku limenelo, ngakhale ndinkawakonda.

Amalume anabwera kudzafunsa ngati angawamangire katundu mlamu wawoyo azipita kwawo, poti mudzi ndi wathu. Amayi anakana. Anati iwo analonjeza pamaso pa Mulungu, ndipo lonjezo lawo silinali la mpira. Anapitiriza kuwaphikira, kuwachapira, kulima nawo nyemba kudimba. Koma Loweruka masana, abambo atabwezeredwa pa ulangizi, amayi ankanyamula khasu. Abambo ankalangiza okha, ndipo mawu aja a manyazi sindinawamvenso pakamwa pawo.

Patapita zaka, pawailesi panayamba kumveka nkhani za aphungu obwereka osewera ndi ndewu za pa zikho zawo. Wathu uja anadzagonja, nasamukira m'tauni. Chikho chinathera pa shelefu ya golosale ina, akusungiramo maswiti. Panalibenso woti atetezedwe. Amayi anafunsanso kamodzi.

"Zinapita kale zija, mayi," anatero abambo. "Tiziutsiranji?"

Abambo atadwala, amayi ndi amene anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala cha ku Ndunde, ndi amene ankawamwetsa phala ndi supuni atabwerako. Tsiku lina ndikulowa ndi madzi ndinapeza abambo atagwira dzanja la amayi.

"Ndikadzuka pano ndikanena," ankatero. "Lamulungu loyamba lomwe."

"Chabwino, bambo. Imwani kaye phalali."

Sanadzuke.

Pamaliro panabwera anthu ambiri, chifukwa abambo anali munthu wa anthu. Tisananyamuke kupita kumanda, mkulu wina wa mpingo anaimirira kunena mbiri ya malemu monga mwa mwambo: kumene anabadwira, kumene anabatizidwa, m'mene anatumikirira mabanja ambiri. Ine ndinali pamphasa pambali pa amayi, iwo atafunda chitenje kumutu.

"Malemuwa asiya mkazi ndi ana asanu," anatero mkuluyo. "Anayi ali pano. Mmodzi ali ku Limbe, uthenga sunamupeze."

Anthu anang'ung'udza movomereza.

"Anayi," anatero amayi chapansipansi.

Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwawo anaganiza kuti akulira, nayamba kuwasisita pamsana, akuwauza kuti alimbe mtima.

"Anayi," anabwereza amayi.

Ndinamva ndine ndekha. Kwaya inali itayamba kale nyimbo, ndipo anyamata anali akunyamula bokosi.