Redieta ya Galimoto ya Bambo

Bambo atamwalira anandisiyira galimoto yomwe ndinali ndisanaionepo ikuyenda. Inali yakale kwambiri, ya mipando iwiri, yopanda denga, yofiira m'malo omwe dzimbiri linali lisanadye. Anaipeza kwa mzungu wina yemwe ankamukonzera magalimoto, ndipo anaiphwasula yonse ati adzaimange bwino akadzapuma pantchito. Shuga inawatenga asanayambe. Chigoba chake chinatsala pa njerwa kuseri kwa nyumba yathu ku Chawama, injini mu mgolo, mabawuti m'zitini za penti.

Ine ntchito yanga ndi kuwotcherera mageti, za injini sindinkazidziwa. Choncho Loweruka lililonse ndinkakwera basi kupita ku Matero kwa mdala wina yemwe anagwirapo ntchito ndi bambo. Anali munthu wapakamwa, wa zala zitatu kudzanja lamanja. Ndikawatengera chitsulo, ankachitembenuza kamodzi n'kuchiponya pansi.

"Ivi ni va thirakita, iwe," ankatero. "Batate bako benze na nzelu. Bwelela ukasakile futi."

Ndinasakasaka. Ndinaponda matope a ku Kanyama mvula ili mkati, kuvundukula milu ya zitsulo kwa anthu ogula zakutha. Chomwe chinandivuta koposa chinali redieta, chija chosunga madzi oziziritsa injini. Ya bambo inali itaola. Patapita chaka ndinaipeza ku Chazanga, mayi wina ataiyesa chitseko cha khola la nkhuku. Ndinawawotcherera chitseko chenicheni, iwo n'kundipatsa.

Loweruka lotsatira mdala uja anabwera yekha kudzaiona. Anaigogoda ndi chala, n'kumwetulira koyamba chiwadziwireni. Tinaitsuka, kuiimika pampanda kuti iume, n'kulowa m'nyumba kukamwa maheu. Dzuwa linali paliwombo.

Tisanamalize, mayi wogulitsa zitumbuwa pafupi nafe anakuwa. "Kawalala! Kawalala!"

Ndinatuluka ndi sipanala yaikulu m'manja. Pampanda panalibe kanthu. Kutsogolo munthu ankathawa, redieta ili paphewa, wilibala yake ataisiya pamsewu. Ndinkamudziwa nkhope. Anali mmodzi wa aja otola zitsulo, wowonda, wamsinkhu wanga. Mu redieta muli mkuwa, ndipo ndi umene iye ankafuna.

Anaterereka pangalande n'kugwa. Ine ndinafika woyamba. Izi ndiyenera kuzinena poyera, chifukwa pambuyo pake aliyense ankati anam'menya ndi anthu. Anayamba ndine.

"Bakamba, nenze naona monga mwataya!" anatero, atakweza mkono kutchinga nkhope.

Ndinamenya mkonowo. Fupa linalira ngati nzimbe ikuthyoka. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, ndinamenyanso pomwepo, mano awiri n'kugwera m'matope. Mumtima mwanga munalibe chifundo ngakhale pang'ono. Ndinkangoona matope a ku Kanyama, ndi bambo anga.

Kenako anthu anafika. Anyamata oitanira mabasi, azimayi ochokera kumpopi, bambo wina wotuluka kometa mutu utametedwa mbali imodzi. Palibe anafunsa kuti waba chiyani. Anam'ponda m'nthiti, anam'gwetsera njerwa kumsana. Mayi wina wokhala ndi mwana kumbuyo ankam'kwapula ndi ndowa yachitsulo. Wina ananyamula redieta yanga yomweyo, kuikweza m'mwamba, n'kum'phwanya nayo m'miyendo. Ndinakuwa kuti aisiye. Dziwani kuti ndinakuwira chitsulocho, osati munthuyo.

"Tayala! Bweletsani tayala!"

Wina anathamangira kwathu n'kubwera akugubuduza tayala la galimoto yanga. Analiveka munthuyo m'khosi. Botolo la petulo linadutsa m'manja mwa anthu mpaka kutsogolo. Ine ndinangoima pomwepo n'kumaonerera.

Mdala uja anafika mochedwa chifukwa cha mawondo. Anakankha anthu ndi ndodo, n'kukhala pansi m'ngalandemo, kum'kumbatira wakubayo. Petulo anawathirikira pamalaya.

"Tiocheni tonse babili," anatero. "Ali na machisa ndani? Bwela."

Mwala unachokera kumbuyo n'kuwang'amba pamwamba pa khutu. Magazi anatsika m'imvi mpaka m'kolala. Iwo osasuntha. Anthu ataona magazi a nkhalamba anayamba kuyang'anana. Wa machesi anawabweza m'thumba. Apolisi atafika anapeza anthu ochepa, ndipo onse ankati angofika kumene. Sipanala ndinali nditaiponya kuseri kwa chimbudzi cha eni ake.

Mdala ndi wakuba uja anawatengera kuchipatala. Dzina langa palibe analitchula, ngakhale mdalayo.

Nditapita ku Matero, mwana wawo wamkazi anati akugona. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu mdalayo anatuluka, bandeji ili kumutu, n'kundipatsa pepala lomwe anajambulapo mayendedwe onse a mawaya a galimotoyo, bwinobwino, waya uliwonse ndi mtundu wake.

"Ivi nachitila batate bako," anatero. "Iwe usabwelenso kuno."

Sindinabwererenso, ndipo za maliro awo ndinamva atayikidwa kale.

Redieta ndinaiwongola ndi nyundo n'kumata momwe munabooka. Pepala lija linandithandiza, injini inalira. Ana a m'komboni anathamangira galimotoyo akukuwa, koma pofika pamsika madzi anali atawira, nthunzi ili tolotolo. Mpaka lero imatero.

Wakuba uja ndinakumana naye chaka chatha pafupi ndi njanji. Mkono unapola mokhota, moti wilibala amaikoka ndi chingwe chodutsa m'khosi. Anaima n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kaya anandizindikira, sindidziwa.

"Bakamba, mulibeko visulo vakudala?" anafunsa.

Zitsulo zakale kunyumba ndili nazo mulu wonse. Ndinati ndilibe, iye n'kupitiriza ulendo wake.