Ankatichotsa pakhomo kuti ajambule njerwa

Inu owerenga, ine ndinabadwa ndi mtima wokayika. Msodzi akandimwetulira ndimayamba ndanunkhiza nsomba yake. Mtima umenewu wandipulumutsa kambirimbiri, sindikana, koma unandilakwitsa pa mlongo wanga weniweni, ndipo chimene ndinawononga palibe angachibweze.

Kwathu ndi ku Msumba, chakumtunda kwa tchalitchi chakale cha mishoni. Nyumba yathu ndi ya njerwa zootcha, anamanga ndi agogo aamuna omwe anali mmisiri. Mazenera ake ndi okhota pamwamba ngati a tchalitchi, ndipo khomo ndi la mbawa, lolemera. Banja langa litatha ndinabwerera m'nyumbamo ndi ana, n'kumakhala ndi amayi. Ndimafutsa ndi kuyanika usipa pabwalo pomwepo. Kupatula nyumba imeneyo, ine ndilibe kwina koloza.

Mlongo wanga Barnaba, wondiponda pamutu, amakhala kutauni ku Lichinga kumene amajambula zithunzi za maukwati ndi maubatizo. Chaka chimenecho anabwera nyengo ya mwera, kamera yaikulu ili m'khosi, miyendo yake itatu yachitsulo ili paphewa. Anati wabwera kudzapuma ndi kudzaona amayi, omwe anali atayamba kuwonda. Ana anga anasangalala, akuti tijambulidwa. Ngakhale ine ndinatulutsa kapulana wanga watsopano, chitenje chovala pa zisangalalo.

Koma munthu uja sanajambule aliyense. M'mawa uliwonse, dzuwa likangosuzumira pamapiri, ankaimika miyendo ija pansi pa mtengo wa mango, kamera italoza khomo la nyumba, n'kukhala phee ngati kakowa wodikira nsomba. Ana akathamangira kutsogolo kwake ankawakupiza ndi dzanja kuti achoke. Ine ndikatuluka ndi tsache ankati, “Achemwali, tasunthirani uko pang'ono, mukunditchingira kuwala.” Masana ankajambula ming'alu ya khoma, mazenera, denga, ngakhale chisa cha namzeze. Nthawi zina ankagona chagada pamchenga n'kumajambula mitambo. Mitambo, inu owerenga! Munthu wandevu zake.

Kuno kwathu chithunzi ndi cha munthu. Umasamba, umadzola, umaima mowongoka, akujambule. Chithunzi chopanda munthu ndinali ndisanachimvetsepo ntchito yake, kupatula imodzi. Ku Chiwanga kunali banja lina limene mwana wawo anabwera kuchokera kutauni n'kujambula malo awo a m'mbali mwa nyanja, opanda munthu aliyense. Lero pamalopo pali nyumba yogona alendo, banja lija lili kumapiri likulima chinangwa. Nkhani imeneyo inkandizungulira m'mutu ndikamuona Barnaba pansi pa mango paja.

Munthu mmodzi yekha amene sankafunika kumuthamangitsa ndi amayi. Iwo chibadwire sankafuna kujambulidwa. Akaona kamera pa ukwati ankafunda nsalu kumutu n'kukabisala kukhitchini, amvekere nkhope yawo si yopachika pakhoma. Masiku oyamba ankatulukira khomo lakuseri. Atazindikira kuti mwana wawo akulimbana ndi njerwa ndi mitambo basi, anayamba kumuseka kuti tauni yamuzunguza mutu, n'kuyambiranso kukhala pakhonde kuwothera dzuwa monga mwa nthawi zonse.

Ine sindinaseke. Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinamufunsa kuti zithunzi za nyumba yopanda anthu n'za ntchito yanji. Anangomwetulira n'kunena kuti nyumba zakale zikutha, ndipo kuwala kwa m'mawa kumazikonda. Yankho lotani limenelo? Tsiku lina anandipempha kuti ndisunthe thandala la usipa chifukwa likuipitsa bwalo. Thandala limene limadyetsa ana anga. Mumtima ndinati eya, wogula asaone kuti pano pali anthu osauka ofunika kuwasamutsa.

Chimene chinandimaliza ndi galimoto. Loweruka lina kunabwera pa galimoto bambo wina wa chipewa chachikulu, wolankhula Chipwitikizi chokhachokha. Awiriwo anazungulira nyumba yonse, akuloza mazenera, akugogoda khoma, akuyang'ana m'kamera n'kumagwedeza mitu. Bamboyo anapukusa khomo lathu ndi chikhatho monga achitira munthu wogula mbuzi. Ndinamupatsa madzi akumwa ndi manja awiri, koma mtima wanga unali ukuwira.

Sindinauze amayi, ndinkaopa kuwadwalitsa. Sindinapitenso kwa amalume. Ndinaganiza zothana nazo ndekha, poti wogula sagula chimene sanachione. Lolemba m'mawa Barnaba anatsikira kunyanja kukasamba, kamera anaisiya pamphasa. Ndinkadziwa kuti zithunzi zimakhala m'kakhadi kakang'ono ngati ka mufoni, ndipo ndinali nditamuona akukatulutsa. Ndinatsegula kachitseko kam'mbali, n'kukasolola. Pabwalo moto unali ukuyaka pansi pa mgolo wofutsira usipa. Ndinakaponya pamenepo, ndipo ndinaima mpaka kanapindika n'kununkha. Ndisaname, ndinamva kukoma.

Atabwera n'kupeza kamera ilibe kanthu, sindinabise. Ndinayankhula zonse zimene zinali kukhosi, mokweza, anansi akumva. Ndinamutcha wakuba, wogulitsa manda a makolo, mwana amene sukulu inamudyera chisoni. Amayi anatuluka akulira, nati chinthu chimene chikudanitsa ana awo chisaonekenso pakhomo pawo. Barnaba anapinda miyendo ija, m'mawa mwake anakwera shapa, minibasi yobwerera ku Lichinga. Ine ndinkayenda modzitukumula ngati ndapha njoka m'nyumba.

Mvula yoyamba itagwa amayi anadwalika, ndipo sanatenge nthawi, anatisiya. Masiku ano pamaliro anthu amaika chithunzi cha malemu patsogolo pa bokosi. Amayi anzawo a kutchalitchi atafunsa chithunzi, tinafufuza m'nyumba monse. Tinangopeza ka pachiphaso cha boma, kofufutika ndi chinyezi, kongooneka duku. Maso onse anatembenukira kwa Barnaba, poti ndiye wojambula. Iye anawerama n'kunena motsitsa mawu kuti chinalipo.

Titachoka kumanda anandiitanira pansi pa mango paja. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. “Achemwali, nditafika ndinaona kuti amayi sakhalitsa. Mukudziwa kuti kamera ankaithawa. Ndinati ndijambule nyumba mpaka aizolowere, aiwale kuti ilipo. Ndinawapeza m'mawa wina, atatsamira khomo, dzuwa lili kumaso, akuseka mwana wanu. Chithunzi chimenecho chinali m'kakhadi kaja.”

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati pakamwa panga sipagona mawu, ndikanawauza amayi tsiku lomwelo, iwo n'kuyambiranso kutulukira kuseri. Apa sananame. Ponena za bambo wa chipewa uja, anati ndi mnzake wa ntchito amene amayenda m'mbali mwa nyanja kujambula nyumba zakale za mishoni zisanagwe, ndipo anabwera kudzaona luso la agogo athu.

Mukuganiza kuti ndinakhulupirira pomwepo? Ayi ndithu. Maliro atatha ndinapita mwakachetechete kwa akuluakulu oona za malo m'dera lathu kukafunsa ngati wina anabwerapo ndi nkhani yogulitsa nyumba yathu. Anandiyang'ana modabwa. Panalibe aliyense. Pobwerera ndinakhala pansi m'mbali mwa njira n'kulira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Ndinamuimbira foni kupepesa. Anati zinatha, ndipo amatumiza moni kwa ana, koma chichokereni pamaliro paja sanapondenso pakhomo pano. Nyumba ndili nayo, palibe anandilanda. Mng'alu wa khoma lakumwera ukukula chaka ndi chaka, ndipo amene ankauwerengera ndinamuthamangitsa ndine.

Inu owerenga, sindikuti muzikhulupirira aliyense wobwera ndi kamera. Malo akugulitsidwadi, ena akulira nazo. Koma kukayika kukakugwirani, kafunseni kwa ena, dikirani, itanani amalume akhale pansi ndi nonse awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinthu chimene simukuchimvetsa mutha kuchibisa m'thumba la chinangwa mpaka zoona zitadziwika, koma musachiponye pamoto, chifukwa moto sumva kupepesa.

Mwana wanga wamng'ono, yemwe amayi ankamuseka m'mawa uja, wayamba kuiwala. Tsiku lina anandifunsa ngati agogo ake anali ndi mpata kumano kapena ayi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo ndinapeza kuti nanenso sindikukumbuka bwino.