Anti Jampu ndi Mabenchi a Komiti

Loweruka tinaika m'manda Anti Jampu, ndipo onse amene analankhula pamaliro ananena zabwino zokhazokha. N'zoona zonsezo. Koma zina anazilumpha dala, ndiye tizilemba muno, wopsa mtima apse.

Anabadwa m'banja la telala, mwana wachisanu. Sukulu imene analowa, mwana akalankhula chinenero cha makolo ake ankamenyedwa ndi rula pazala. Iwo anangosankha kukhala chete, chaka chathunthu osatsegula pakamwa m'kalasi. Chingerezi anadzachidziwa atakula, akulera ana kunyumba ya dokotala wina wochokera kunja. Ankati mphunzitsi wawo weniweni anali kamtsikana ka zaka zinayi, ndipo kalasi yake inali chibisalirano.

Amuna awo atamwalira, anapempha kwa bambo mfumu kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa tchalitchi. Anasesamo, anayala mphasa, n'kuyamba kuphunzitsa ana a amayi ogulitsa mumsika. Bolodi munalibe. Munali mpira wansanza, zitsekerero za mabotolo, ndi sitolo ya makatoni momwe mwana ankagula sopo m'Chingerezi. Akatchula liwu la Chingerezi loti "jampu," kutanthauza kudumpha, ankadumphadi, ndi thupi lawo lonse lija, ana n'kumagwa nako kuseka. Dzina lawoli linachokera pamenepo. "Mwana wamantha samva kanthu," ankatero. "Ayambe waseka, makutu atseguka okha." M'mawa uliwonse ankayamba ndi Misa, kenako ana, ndipo anachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Kenako kunabwera komiti yatsopano ya parishi. Tsiku lina wapampando wake anasuzumira pawindo, n'kupeza mayi wa imvi akukwawa, akulira ngati mphaka, ana akumuthamangitsa uku akufuula dzina la nyamayo m'Chingerezi. Bamboyo sanafunse n'komwe kuti anawo akunena chiyani. Anakauza komiti kuti parishi ikuchititsidwa manyazi, ndiponso kuti mayiyu alibe satifiketi. Mlungu usanathe Anti Jampu anapatsidwa kalata yowaletsa kuphunzitsa. Nanga ife amene ana athu anadutsa m'manja mwawo tinatani? Tinangoti zii, aliyense kuyembekeza kuti mnzake ndiye alankhule. Zamanyazi.

M'chipindamo anadzazamo mabenchi, n'kuwakhomerera pansi m'mizere. Anabweretsa mphunzitsi wa mapepala ake, ndi kandodo kake.

Zinawapweteka Anti Jampu, tisanamizane. Pemphero lawo linali limodzi, loti abwerere kwa ana. Anapitiriza kusesa m'tchalitchi, ndipo kuseri kwa khoma ankamva tiana tikubwereza mawu a pabolodi ngati tikuwerenga mlandu. Kandodo kakalira, ankaima, tsache lili m'manja, mpaka mwanayo atatonthola. Mchemwali wawo anawauza kangapo kuti asamukire mpingo wina, koma iwo ankayankha kuti sanabatizidwe m'dzina la komiti. Lamulungu lililonse, pa nthawi yopatsana mtendere, ankapereka moni kwa wapampando uja ndi manja awiri. Zaka zisanu ndi zitatu! Enafe tikanalephera sabata yoyamba.

Ana anayamba kukana sukulu. Ena ankalira pageti, ena ankanamizira m'mimba, ndipo makolo anawachotsa mmodzimmodzi mpaka m'chipindamo munatsala asanu ndi mmodzi. Apo m'pamene komiti inakumbukira kuti kuli mayi wina. Koma nthawiyi n'kuti miyendo yodumpha ija itatupa, ali chigonere kunyumba kwa mchemwali wawo.

Wapampando anapita yekha, chipewa chili m'manja. Anazungulirazungulira, za nyengo, za mankhwala, mpaka anafika ponena kuti komiti yaganizanso bwino, akachira abwerere. Mchemwali uja anafuna kumulalatira, koma odwalawo anamugwira dzanja. Anasangalala ngati mwana. Anafunsa kuti kwatsala ana angati, ndipo wamng'ono kwambiri ali ndi zaka zingati.

"Ndibwera, bambo," anatero. "Koma mukazule kaye mabenchi aja. Ana alibe pothamangira."

Wapampando analonjeza kuti nkhaniyo aipereka ku msonkhano wotsatira.

Patapita masiku anayi, atalandira masakramenti, Anti Jampu anagona masana kolona ili m'manja, osadzukanso. Mulungu awalandire, pakuti Iye safunsa satifiketi.

Komiti tsopano ikufuna kulemba dzina lawo pachitseko cha chipinda chija. Penti yagulidwa kale. Dzulo tinapita kukasuzumira pawindo. Mabenchi akadali pomwepo, ndipo ana asanu ndi mmodzi aja anakhala phee, manja atapinda.