Mlandu wa Diso la Mkazi Wanga

Batire la sola linaphulika mkazi wanga atawerama kuti achotse foni pa chaja. Ine ndinali panja, ndikusoka ukonde. Nditalowa ndinamupeza akugubuduzika pansi, asidi atamugwera kumaso, khungu la patsaya likusupuka ngati la mbatata yophika. Diso lakumanzere silinaonenso.

Solayo tinagula kwa bambo wina wa kampani amene ankabwera pa njinga yamoto pa Nsanje. Tsiku logula ndinadinda chala papepala osafunsa. Kwathu ku Nyachikadza timadinda chala polandira ufa ndi matenti madzi akasefukira, ndiye chala changachi chinazolowera kuti pepala lililonse ndi lothandiza.

Mkazi wanga atatuluka m'chipatala ndinaoloka Shire pabwato, pepala lili m'jumbo, kukasuma kukhothi la pa boma. Kalaliki analitembenuza pepalalo n'kuwerenga tizilembo takumbuyo.

"Bambo, apa munavomera kuti mukadzasemphana ndi kampaniyi, mlandu ukakambidwe ku Joni, potsata malamulo a kumeneko."

"Ku Joni? Ine ngakhale ku Blantyre sindinapondeko."

"Chala ichi si chanu?"

Chinali changa. Ndinatuluka mtima ukuwira. Ndikutsikira kudoko ndinamuona wogulitsa uja pansi pa mtengo, atayala masola, akunyengerera amayi awiri, inki ili pambali. Ndinamufunsa ngati ankadziwa za ku Joni. Anaseka.

"Nkhabe, sindikudziwa, madala, zimenezo n'za mabwana. Ine ndimangogulitsa."

Kuseka kumeneko ndi kumene kunandizunguza mutu. Ndinatsomphola nkhafi m'manja mwa mwini bwato n'kumumenya nayo wogulitsayo pakamwa. Mano awiri anagwera pa galasi la sola. Atagwa ndinamupondaponda, ndinaswa masola onse, ndipo ndikanamumaliza pakanapanda asodzi anzanga kundigwira. Sindinganame, nthawi imeneyo ndinamva kukoma. Manyazi anabwera pambuyo, nditamva kuti nayenso Chingerezi cha kumbuyo kwa pepalalo sankachimva.

Mlandu wanga sunachedwe. Patangotha masiku ochepa ndinaimirira m'khothi, apolisi ali uku ndi uku. Woweruza anati popeza munthuyo ndinamumenyera pa Nsanje, mlandu uweruzidwa pa Nsanje pomwepo. Ndinapempha kulankhula.

"Bwana, nanga diso la mkazi wanga linapsera kuti?"

Anandiyang'ana pang'ono, n'kupitiriza kulemba. Ananditumiza kundende. Mkazi wanga anali pa benchi yakumbuyo, ndipo pamene ankanditulutsa anatembenuza mutu wonse kuti andione ndi diso lotsalalo.