Siling'i ya alamu anga

Alamu anga a Hatsue anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri pa kafakitale kosoka zofunda zathonje kuno ku Iiyama. Fumbi la thonjelo linawasiyira mphumu. Atapuma pa ntchito, adokotala anawauza kuti asamakhalenso pafumbi kapena m'malo muli nkhungu. Iwo anangogwedeza mutu n'kubwerera kunyumba kukaphikira achimwene anga a Tsuneo Nonomura, munthu amene mpaka lero sadziwa pamene pamakhala mchere m'nyumba mwake momwe.

Chaka chomwecho achimwene nawonso anapuma pa ntchito, n'kugula galimoto yogonamo yakalekale, ya zaka makumi awiri ndi zisanu. Ankati azungulira nayo dziko lonse. Ulendo woyamba unali wa masiku atatu okha, mu Novembala. Bedi lapansi anagonapo iwo, poti bondo limawavuta. Alamu anawakweza pa kabedi ka pamwamba pa dalaivala, pamene siling'i imakhala pafupi ndi mphuno. M'mawa uliwonse ankadzuka chofunda chitanyowa, chifukwa mpweya wa anthu awiri ndi nthunzi ya ketulo zinkakagunda chitsulo chozizira n'kusanduka madzi, madziwo n'kumawadonthera kumaso. Atabwerako alamu anagonekedwa m'chipatala masiku anayi.

"Ndikonza ndekha, ndaonera pa foni," anatero achimwene.

Nyengo yozizira itatha, chipale chofewa chitasungunuka, anagula ubweya wagalasi, uja amaika m'makoma kuti kuzizira kusalowe, n'kugwetsa siling'i yonse tsiku limodzi. M'kati anapezamo siponji yakale itada bii ndi nkhungu, ikunyenyeka ukangoigwira. Anaiyang'ana, kugwira m'chiuno, akuti msana wayamba. Anatenga thaulo ulendo wokasamba ku akasupe a madzi otentha. Galimoto inakhala chiyasamire milungu iwiri.

Alamu ankadziwa amene adzagone pa kabedi kaja ulendo wotsatira. Anavala masiki awiri n'kulowamo.

Ine ndinkapitako Lachitatu lililonse ndipo ndinaona ndi maso angawa. Sikuluu iliyonse imene achimwene anamwaza pansi, alamu anaitola n'kuiika m'makapu akale a tiyi, kapu iliyonse ndi kapepala kake. Anapala siponji yowolayo, kutsuka chitsulo, kudikira kuti chiume. Makoma a galimoto ndi okhotakhota, ndiye ankayamba ajambula mpata uliwonse pa kalendala yakale monga amachitira telala, kenako n'kudula ubweyawo motsatira pepalalo. Mmene dzanja silinkalowa ankakankhiramo ndi timitengo tawo tatitali tophikira. Akagwira ola limodzi ankatuluka, kukhala pa bokosi, kupopera mankhwala kukamwa, kudikira kuti chifuwa chisiye kulira. Nthawi ya chakudya ikakwana ankasamba, kukaphika, kutsuka mbale, n'kubwereranso.

Tsiku lina achimwene anasuzumira pakhomo la galimotoyo n'kupeza alamu akumata pulasitiki pamwamba pa ubweyawo.

"Chapulasitikicho ndi chachiyani? Ungotseka basi, tikuchedwa."

"Bambo, chofunda chikayamwa chinyezi timachiyanika padzuwa," anayankha alamu. "Nanga ichi chikanyowa chili m'khoma, mudzachiyanika bwanji? Nthunzi isamafike n'komwe."

"Iwe umadziwa za mabulangete. Izi ndi za galimoto."

Alamu anati chabwino. Achimwene atapita kukaonera mpira pa TV, iwo anapitiriza kumata, tepi pamzere uliwonse, osasiya ndi kabowo komwe. Ntchitoyo inatha miyezi itatu. Mikono yawo inatuluka tiziphuphu tofiira mpaka m'zigongono.

Novembala wotsatira gulu la azibambo a magalimoto oterewa linakumana pabwalo loimikapo magalimoto kumtunda kwa mtsinje. Pamisonkhano imeneyi azibambo amayenderana m'magalimoto n'kumagogoda makoma, azimayi n'kumathira tiyi. Ine anandiitana kuti ndibwere m'mawa ndi masamba ovundika m'mchere, komanso poti manja othira tiyi anali ochepa. Kunali kutazizira mpaka udzu kuyera. Akazi ena onse ndinawapeza ali ndi nsanza m'manja, akupukuta makoma ndi siling'i. Kwa achimwene kunali kouma gwaa.

Wapampando wa gululo, a Kuroiwa, anakwera pa kabedi kaja, kusisita siling'i ndi chikhato, n'kuchiyang'ana.

"A Nonomura, mwaika mankhwala anji? Yanga imakodza usiku wonse ngati khanda!"

Azibambo anaseka. Achimwene anakhosomola pang'ono, manja kumbuyo.

"Nkhani yagona pa pulasitiki, akuluakulu. Taganizani chofunda. Chikayamwa chinyezi mumachiyanika padzuwa. Nanga chili m'khoma mudzachiyanika bwanji?"

"Eee, koma ndiye mutu!" anatero wina. "Munkangotaya nthawi mu ofesi inu."

Alamu anali pomwepo, ketulo m'manja. Anathirira a Kuroiwa tiyi osatayira ndi dontho lomwe. Ine ndinathira mpaka kusefukira.

"Bweretsani yanuyo," anatero achimwene, mawu atakwera. "Isanathe nyengo yozizira ino ndikhala nditakukonzerani."

Ndinkaganiza kuti zinali zongocheza. Koma Lachitatu lotsatira ndinapeza galimoto yachilendo ili pabwalo la achimwene, yaikulu kuposa yawo. Pakhomo panali bokosi la maapozi, aja okutidwa lililonse m'kapepala kake, ndi botolo la mowa wampunga lotsegula kale. Kuno mphatso yotere ukailandira ndi manja awiri ndiye kuti wavomera, palibenso zokambirana. Alamu ndinawapeza kukhitchini akuchotsa kalendala pakhoma, chaka chisanathe n'komwe. Patebulo panali sizasi, masiki ndi mankhwala opopera aja.

"Alamu, mukutani?"

"Ndingoyeza chabe."

"Adokotala anati chiyani?"

"Ya a Kuroiwa mwina ilibe nkhungu yambiri."

"Mwaiona?"

Anapinda kalendalayo pakati.

"Maapozi tadya kale, alamu," anatero.

Ine sindine munthu wolankhula. Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikumva achimwene akulankhula, ine n'kumachotsa mbale. Koma ndinaganiza za miyezi ina itatu, tsopano m'nyengo ya chipale, zitseko zotseka, fumbi lagalasi lili tolo m'mwamba. Ndinavala nsapato n'kutuluka. Achimwene ndi a Kuroiwa anali m'galimotomo, achimwene akuloza siling'i ndi sikuludilaiva.

"A Kuroiwa, pepani ndikudulani pakamwa," ndinatero nditawerama. "Galimoto ya achimwene anakonza ndi akazi awo, okha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Achimwene anangogwetsa siling'i. Alamu ali ndi mphumu, ndipo adokotala anawaletsa fumbi. Akalowa m'galimoto yanuyi akathera kuchipatala."

A Kuroiwa anavula chipewa, kuchiyang'ana m'kati, kuchivalanso.

"Iwe Sumie," anatero achimwene, khosi litafiira, "za m'banja langa wazilowa liti?"

"Ngati ndikunama, achimwene, auzeni a Kuroiwa pulasitikiyo imakhala mbali iti: ya kuchitsulo kapena ya kuno tikukhala?"

Achimwene anayang'ana kuzenera la kukhitchini, koma alamu anali atachokapo.

A Kuroiwa anaseka kaseko kowuma. "Aaa, mukudziwa, ndangokumbuka kuti mkamwini wanga amafuna kubwereka galimotoyi." Anawerama kwa achimwene, kwa ine, ngakhale kwa khomo lotseka, n'kuliza injini.

Musaganize kuti alipo anandithokoza. Achimwene sanandilankhule mpaka Chaka Chatsopano, ndipo kugulu lawo lija sanapiteko miyezi iwiri. Amayi athu aang'ono anandiimbira foni kuti ndachotsa ulemu munthu wamkulu pamaso pa mlendo. Za chifuwa cha alamu sanafunse. A Kuroiwa anakapereka galimoto yawo kugalaja, ndipo ndinamva kuti amadandaula kuti amisiri akumeneko sanaimate bwino ngati "ya a Nonomura". Akutchulabe choncho, ngakhale akudziwa.

Alamu enieniwo anabwera kwanga patapita masiku atatu. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama pamiyendo.

"Simukanatero, alamu. Bambo sakudya bwino."

"Adya akamva njala."

"Mumawadziwa mmene alili. Ndimayenera kuwaphikira kawiri tsopano, choyamba amachikankha."

Izi sindinaziganizire, kuti mkwiyo wa achimwene udzasandukanso ntchito ya alamu. Ndinapepesa. Iwo anamwa tiyi pang'onopang'ono, ndipo ndinamvetsera mmene ankapumira. Chifuwa chinali chete. Nyengo yonse yozizira imeneyo sanagonekedwe m'chipatala, koyamba pa zaka zinayi.

Potuluka anaima pakhomo akumanga mpango.

"Ya a Kuroiwa ija ndinaisuzumira," anatero motsitsa mawu. "Nkhungu yake inali yoposa yathu."