Likhweru la Bambo Anga

Bambo anga anali okusa ng'ombe. Sindikunena ubusa wozungulira dambo n'kubwerako dzuwa likapendeka ayi. Iwo ankatenga ng'ombe za eni ake ku Ngabu n'kuzikweza wapansi zitunda zonse zija mpaka ku Blantyre kokagulitsa, kugona nazo m'njira, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Malole atabwera ntchito ija inatha, njira inamera tchire, ndipo lero ana a kwathu sadziwa n'komwe kuti inadutsa pati.

Chimene chinatsala ndi likhweru lawo. Linali lalitali, lokwerakwera kenako n'kugwa pang'onopang'ono, ndipo ng'ombe zikalimva zinkasiya msipu n'kuyamba kundondozana. Anaphunzitsa achimwene anga awiri, koma onsewo anatisiya m'zaka za matenda zija. Ine ndinkaliba kuseri kwa khola. Tsiku lina anandipezerera ndikuyeserera, n'kundiyang'ana ngati ndatukwana. "Mkazi saimba likhweru. Ukufuna undichititse manyazi?" Ndinasiyadi, koma pamaso pawo pokha. Makani ndinabadwa nawo, zimenezo sindibisa.

Ndili pa unamwino ku Wolverhampton, ku England, uthenga unafika woti bambo agwidwa ndi sitiroko. Mbali imodzi inafa, kukamwa kunapotoka. Monga namwino ndinadziwa kuti likhweru lija silidzatulukanso pakamwa pawo. Mtima unandiwawa, abale. Ndinali kalikiliki kutembenuza nkhalamba za eni ake m'wodi, kuzipukuta, kuzimwetsa tiyi, anga ali gone pamkeka kutali. Ndipo likhweru lomwe ndinali nalo linali lakuba. Mwini wake anali asanalimvepo lonse, moti sindinkadziwa ngati ndimaliimba bwino kapena ndimangouzira mpweya.

Tsiku lina nditatsika tiramu, kasitima ka m'tauni, ndinaona chipepala pakhomo la laibulale. Gulu lina linkaitana anthu kukayenda m'njira yakale ya ng'ombe, pokumbukira amene ankazikusa wapansi kuchokera ku Wales kupita kumisika ya ku England. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Ha! Kani azunguwa nawonso anali ndi okusa ng'ombe, mpaka kumawakumbukira? Nanga bambo anga analakwanji?

Ndinapempha namwino mnzanga, mayi wa ku Dedza amene tinkapemphera limodzi, kuti tisinthane shifiti ya Loweruka. Anaseka mpaka kugwira khoma. "Asisi, mwakwera ndege ulendo wonsewu kuti mudzaponde ndowe? Za kumudzi zija sizinakukwaneni?" Ndinati angondisiya, ndikudziwa chimene ndikutsata. Ndinagula khadi loimbira kunja pashopu yapakona, n'kutumiza mawu kwa mayi anga kumudzi kuti Loweruka masana abwereke foni kwa aphunzitsi, akhale nayo pafupi ndi bambo.

Tsikulo kunali kamvula kowaza kosatha kaja. Njirayo inali yotakata, yamatope, mipanda ya zitsamba uku ndi uku. Ena anabwera ndi zipewa zazikulu za m'mafilimu, ine ndi nsapato za kuntchito. Wotitsogolera, mkulu wina wa ndevu zoyera, anafotokoza kuti okusawo ankafuula ali patali, kuti alimi atsekere ng'ombe zawo zisatengeke ndi gulu lodutsa. Kenako anafunsa ngati panali wina amene kholo lake linagwirapo ntchitoyi. Ndinakweza dzanja, munthu wakuda ndekha pagulupo, n'kunena kuti bambo anga si a m'mbiri ayi, ali moyo. Mkulu uja maso anawala. Anafunsa kuti ng'ombe ankaziitana bwanji.

"Dikirani," ndinatero. Ndinakala khadi lija ndi chikhadabo, n'kudina manambala aatali aja zala zitauma ndi chisanu. Anayankha ndi mayi, ndipo ndinawapempha kuti aike foni pakhutu pa bambo.

"Bambo, ndine. Ndili panjira ya ng'ombe ya kuno. Anthu akufuna amve mmene munkaziitanira."

Ndinamva kupuma kolemera. Kenako mawu okoka, lilime likukana: "Mkazi sa..."

Chibadwire ndinali ndisanawadulepo mawu. Tsikulo ndinawadula. "Ndinamva kalekale, bambo. Koma amuna munawaphunzitsa aja ali kumanda. Ndatsala ndine. Likapanda kukhala pakamwa panga, mupita nalo."

Sindinadikire chilolezo. Ndinanyowetsa milomo n'kuliimba lonse, kukwera kwake ndi kugwa kwake. Ng'ombe zimene zinkadya kuseri kwa mpanda sizinatukule n'komwe mitu, zamwano. Azungu anaomba m'manja, koma ine khutu linali pafoni. Kumeneko kunali zii. Ndinati basi, ndawakwiyitsa munthu ali pamphasa, ndipo mwina awa ndiwo mawu athu otsiriza.

Ndiye mawu aja anabwera. "Wafulumira pogwa. Zingabalalike. Bwereza."

Mayo ine! Kuimba likhweru ukulira n'kovuta, milomo imakana kusongoka. Ndinapukuta nkhope ndi mkono wa jekete n'kubwereza. Anati mpweya ndausiya msanga. Ndinabwereza. Gulu lija linanyamuka, mkulu wa ndevu anandikodola, ine ndinangomubayibitsa kuti azipita. Ndinatsala ndekha m'matopemo, mvula ikulowa m'khosi, bambo akundikonza ngati mwana wa sitandade wani. Mawu a pamakina anachenjeza kuti khadi latsala pang'ono kutha. Ndinakoka mpweya wonse, ndinakwera nalo, n'kulitsitsa mosathamanga mpaka linazilala lokha.

Sanandiyankhe ine. Ndinawamva akuuza mayi, mwapansipansi: "Wamva? Apa zikanabwera."

Foni inaduka pomwepo.