Nkhope ya Achimwene ndi Chigamba Chomwe Sanaike

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira khoma m'nyumba ya siwa pakati pa azimayi a kwaya amene mawu anali atawasasa. Panja azibambo anali atazungulira zitsa ziwiri zonyowa zomwe zinkangofuka utsi. Ndisanasukusule n'komwe ndinayang'ana foni. Timizere ta wayifayi tinali todzaza, koma uthenga womwe ndinatumizira achemwali dzulo lake unali usanapite.

Linali Lolemba, tsiku loika achimwene. Anamwalira Lachisanu pangozi ya njinga yamoto pamsewu wa ku Mchinji, akuchokera kutawuni. Achemwali athu oyamba kubadwa amakhala ku Joni ndipo sakanatha kubwera, anali ndi khanda la milungu iwiri. Loweruka anandiyimbira ndili pachulu cha kuseri kwa chigafa, pamene netiweki ya foni imagwirako pang'ono. Anandipempha chinthu chimodzi chokha. "Nthawi yoona nkhope undiyimbire pavidiyo. Ndimuone ndekha, apo ayi sindidzakhulupirira." Ndinavomera msanga. Ndinkaona ngati ndi ntchito yochepa.

Mudzi wathu uli m'chigwa chakufupi ndi Nsaru, ndipo intaneti ya pafoni sifikako. Achimwene ndi amene anaimika mlongoti pamsika n'kumwaza wayifayi mpaka kusukulu kwathu ndi m'midzi itatu. Mtima wa zonsezo unali kompyuta yakuda yomwe ankaitcha seva, imene inkakhala m'kachipinda kuseri kwa golosale ya bambo wina wachisilamu. Tsiku lina anandifotokozera ntchito yake. Anati makompyuta sadziwa mayina, amadziwa manambala okha. Foni isanapite kulikonse imayamba yafunsa seva kuti, kodi dzina ili nambala yake ndi iti? Seva ikapanda kuyankha, foni imangoima ngati mlendo pamphambano: msewu ulipo, koma kolowera sakukudziwa.

Lachinayi madzulo ndikusoka fodya m'chigafa, iwo anakhala pachitsa akuwerenga pafoni. Anati amene analemba pulogalamu ya sevayo apezamo chibowo. Funso limodzi lokhotetsedwa mwadala limatha kuigwetsa, ndipo kuli anthu amene amaponya mafunso oterowo kulikonse osaona n'komwe kuti akugenda yani. Chigamba chotsekera chibowocho chinali chitatuluka kale.

"Ndiye bwanji osaika lero?" ndinawafunsa.

"Chigamba suika usanayese, iwe. Ndichiyesa kaye palaputopu yakale ija, Loweruka ndiika. Masiku awiri okha, kaseva ka kumudzi kangaonedwe ndi ndani?"

Loweruka linawapeza ali m'bokosi. Lamlungu seva inayamba kugwa.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika. Pamsewu anali atayala masamba mbali zonse ziwiri, ndipo apanjinga ankatsika n'kumakankha. Kunabwera aphunzitsi athu, anzanga a Fomu 3 atavala yunifolomu, ndi matenanti a kuesiteti ya fodya omwe Lamlungu lililonse ankakhala pansi pa mlongoti kuyankhula ndi abale awo a ku Thyolo. Kuseri kwa nyumba azimayi anali atayatsa moto m'mafuwa asanu ndi limodzi, ena akusankha nyemba, ena akutunga madzi m'madiramu. Adzukulu anali atapita kumanda kusanache. Mbali ya kumadzulo mitambo inali itayamba kale kuda.

Ndinatulukira khomo lakumbuyo n'kutenga njinga. Azakhali anandiona.

"Iwe, mlongo wako wagona m'nyumbamu, ndiye wayamba ulendo wa kuti?"

"Ndikubwera pompano, azakhali."

Ndinamva maso a azimayi onse pamsana panga mpaka ndinadutsa masamba aja.

Golosale inali yotseka. Bambo aja ndinawapeza pakhonde atavala kale chipewa chawo choyera, akukonzeka kubwera kumaliro. Nditawafotokozera sanafunse zambiri, anatulutsa kiyi. M'kachipindamo munkanunkha sopo ndi palafini. Mpando wa achimwene unali momwe anausiyira, ndipo pambali pa seva panali kapu yokhala ndi masamba a tiyi atauma pansi. Chimene ndinkadziwa ine chinali chimodzi: kudina batani kuti izime, kuwerenga mpaka khumi, kudinanso. Ndinatero. Patapita mphindi zingapo uthenga wanga unapita, ndipo mauthenga a achemwali analowa motsatizana. Nthawi yanji? Uli kuti? Chonde usaiwale. Ndinayamba kuyankha, koma ndisanamalize mzere wachiwiri seva inagwanso.

Pagalasi la kompyuta panali mzere wofunsa mawu achinsinsi. Ndinayesa dzina la amayi. Ndinayesa la mudzi wathu. Ndinayesa langa, ndipo litakana ndinachita manyazi kuti ndinayesa. Mawuwo ndinkadziwa kuti ali m'kope labuluu m'chipinda cha achimwene, koma chipindacho amalume anachikiya Lachisanu lomwelo, chifukwa katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka tsiku lometa. Ngakhale akanandipatsa kopelo, chigambacho sindikanadziwa poyambira.

Ndinayimbira mnzawo wa achimwene wa kutawuni, amene anaphunzira naye za makompyuta. Anali m'minibasi pa Njewa, ikudikira kudzaza. Anati pali njira yolambalala sevayo pafoni yanga yomweyo, ndipo anayamba kundiuza pomwe ndidine. Zimene ankatchula sizinkaoneka pafoni yanga. Anabwereza, kondakitala akukuwa pambali pake, kenako mawu anaduka. Nditayesanso, foni yake sinkapezeka.

"Pita kumaliro, mwanawe," anatero bambo a golosale. "Batanili ndizidina ine. Ndiziyang'ana pafoni yangayi. Ikafa ndidzutsa, ikafanso ndidzutsa."

"Nanga inuyo simukaika nawo?"

"Ndimuika ndili pompano. Zaka zitatu chimakinachi chikundilirira kuseri kwa khoma. Lero tidziwane."

Anavula nsapato, n'kukhala pampando wa achimwene.

Nditabwerera ndinapeza bokosi atalitulutsa pabwalo, pansi pa tenti. Ndinapita pamene panali amalume, ndinagwada, n'kuwapempha kuti tidikireko pang'ono mnzawo wa achimwene wa kutawuni uja. Sanakalipe. Maso awo anali ofiira ndi tulo. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Adzukulu atumiza kale mawu kawiri. Ati dzenje layamba kutuluka madzi pansi. Mvula iyi ikatipeza, timuika m'matope mwana wa mlongo wanga. Ukufuna zimenezo kodi?"

Sindinkafuna zimenezo.

Akatekisiti atamaliza mapemphero analengeza kuti anthu ayambe kuona nkhope. Mzere unali wautali, ndipo ife achibale tinali omaliza. Ndinaimirira kumbuyo kwa amayi, foni ili m'manja onse awiri. Ndinayimba, sinalowe. Ndinayimbanso. Kachitatu inalowa. Achemwali anaoneka atakhala pabedi, khanda lili paphewa, atavala duku lakuda ngakhale anali okhaokha m'chipindamo.

"Ndikukuona! Ndikuona amayi! Yandikira, yandikira!"

Patsogolo panga panali anthu osapitirira khumi. Mzere wa pamaliro sudumphidwa. Tinayenda pang'onopang'ono, kwaya ikuyimba motsitsa. Kutatsala anthu atatu mawu anayamba kudukaduka, ndipo nkhope ya achemwali inauma pakamwa pali potsegula. Kenako kuyimbako kunaduka. Ndinadziwa kuti kumsika bambo aja adina batani ndipo akuwerenga mpaka khumi. Ndinadziwanso kuti seva imatenga mphindi zingapo kuti idzuke. Amayi anafika pabokosi n'kugwa, azimayi awiri anawanyamula. Ndinafika ine. Ndinalozetsa foni kumutu kwa bokosi, chala changa chikudina, kabwalo kakungozungulira pagalasi. Azakhali anandigwira paphewa n'kundisuntha mofatsa. Kumbuyo kwanga ndinamva chivundikiro chikukhala.

Mnzawo uja anafika amuna asanu ndi mmodzi atanyamula kale bokosi pamapewa. Thalauza lake linali matope mpaka m'maondo. Sanandipatse moni. Anangotenga foni m'manja mwanga, anadina apa ndi apo, analemba manambala ochepa, n'kundibwezera.

"Ndaiuza kuti izifunsa seva ina ya kutali, isamafunse yathuyi. Yimba."

Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Inalowa nthawi yomweyo, chithunzi chili mbee. Achemwali anaona bokosi lotseka likutuluka pabwalo. Sanalire mokweza. Anangoti, "Atseka kale eti?" Ndinayenda kumbuyo kwa bokosi nditakweza foni pamwamba pa mitu ya anthu mpaka pamitengo ya mango pothera mudzi, pamene wayifayi ya achimwene imalekezera. Pamenepo chithunzi chinazima, ndipo ndinaika foni m'chitenje.

Kumanda mvula inayamba kuwaza akutsitsa bokosi. Adzukulu anakwirira mofulumira, makasu akusinthana m'manja. Nkhata tinaika titanyowa. Anzanga a m'kalasi anayimba nyimbo imodzi yokha chifukwa mphezi inali itayamba. Anthu anabalalika akuthamanga, zitenje zili kumutu.

Chakumadzulo bambo a golosale anabwera kudzapepesa amayi. Anandifunsa ndi maso okha, ndipo ndinapukusa mutu. Anaweramitsa nkhope ngati kuti olakwa ndi iwo. Mnzawo wa achimwene anayankhula ndi amalume pakhonde, ndipo anagwirizana kuti akadzatsegula chipinda tsiku lometa adzabwera kudzaika chigambacho. Pochoka anandiuza kuti ndidzakhale pambali pake ndi kope langa, chifukwa seva ya midzi itatu siyenera kudziwidwa ndi munthu mmodzi. Ndinavomera. Ndikufuna kuphunzira, ndipo ndidzaphunzira.

Dzuwa likulowa, tenti anali ataigwetsa, mafuwa atazima, pabwalo patangotsala mapazi a anthu m'matope. Amayi anagona pamphasa osadya kanthu. M'nyumba munkangomveka madzi akudontha kuchokera kudenga n'kugwera m'beseni. Foni inalira. Achemwali anaoneka bwinobwino, osadukaduka ngakhale kamodzi.

"Usadandaule, unayesetsa," anatero. "Ingondiuza. Nkhope yake inali bwanji? Inatupa? Ankaoneka ngati wagona?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinakumbukira m'mphepete mwa nsalu yoyera, dzanja la azakhali paphewa panga, ndi kabwalo kaja kakuzungulira pagalasi. Ndinafunafuna china m'mutu mwanga, koma munalibe. Pabokosi paja maso anga sanachoke pafoni, nkhope ya achimwene sindinaione.

Khanda linayamba kulira ku Joni. Achemwali ankalisisita pamsana, akundiyang'ana, akudikira.

"Dikirani amayi adzuke," ndinatero. "Tiwafunsa tonse awiri."